Galimoto Yolira pa Geti la Amayi

Mabuleki ofiira aja ndinawagula chifukwa cha bambo. Umu ndi mmene ndinkayankhira aliyense wondifunsa, ndipo mbali ina zinali zoona. Impso za bambo zinali zitatopa, moti Lolemba ndi Lachinayi lililonse ndinkachoka kwanga ku Matero m'mawa, n'kukawatenga ku komboni ya George, n'kupita nawo kuchipatala chachikulu kuti makina akawatsuke magazi. Tsiku lina minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwathu. Ndinaponda buleki, koma galimoto inayamba yaganizira kaye. Tinaima patatsala kampata kodutsa nkhuku yokha. Bambo anangoyang'ana phazi langa, ndipo popeza anayendetsa malole moyo wawo wonse, kuyang'anako kunandikwana.

Mbali inayo ndi yakuti ndinkawasirira mabulekiwo kuyambira kale. Ndinkawaona pafoni komanso pa magalimoto a kumayadi: zimbale zake zoboolaboola, zopanira zake zofiira ngati tsabola, zikusuzumira kuseri kwa marimu. Galimoto yanga ndi ya ku Japan, ndinaigula itayenda kale, ndipo ilibe chilichonse choti munthu n'kucheukira. Wogulitsa m'tauni anandiuza kuti amenewa ndi mabuleki a mpikisano. Sindinadzifunse kuti ndidzapikisana ndi ndani mu George, mmene chinthu chothamanga kwambiri ndi miseche.

Anandimangira ndi makanika wanga wa ku Kanyama, mkulu wachisilamu wa ndevu zoyera, yemwe makolo ake, monganso agogo anga, anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Atatsegula bokosi ananyamula chimbale chimodzi, n'kuchiloza kudzuwa, n'kusuzumira pa kabowo.

"Mwagula vobooka kale?" anafunsa.

Ndinawafotokozera kuti mabowowo ndi otulutsira kutentha. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira akuluakulu akaona kuti munthu wasankha yekha njira yake. M'bokosimo munalinso kapepala ka malangizo ka zilembo zing'onozing'ono. Anakapukutira girizi m'manja, n'kukaponya pa mbaula ya mayi wowotcha chimanga pambali pa galaji. Zopanira zakale zinapita tsiku lomwelo ndi ogula zitsulo zakutha. Zimbale zakale anandipempha ndi amayi, ndipo zinakwera padenga kukathandiza miyala kupsinja malata.

Lolemba m'mawa ndinalowa m'kanjira ka kwa makolo anga ndili wonyada. Ndinazemba maenje, ndinalambalala ngalande, ndipo nditafika pa geti ndinaponda buleki mofatsa, monga ndimachitira nthawi zonse.

Galimoto inalira. Kunali kulira kowonda, kotalika, kolowa m'mano, ndipo kunayamba motsika n'kumakwera mpaka matayala ataima. Agalu awiri anayankha. Makatani a nyumba zitatu anagwedezeka. Amayi anatuluka tsache lili m'manja.

"Ni chani icho?"

"Ni mabuleki chabe, bamai. Ni yanyowani."

"Yanyowani yalila?" Anaiyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Motoka ibwela kutenga odwala, ifika pa geti, iyamba kulila. Ilila ndani?"

Ndinaseka, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga koyamba. Kwachiwiri kunali kuyamba kuwaphunzitsa chilankhulo chawo chomwe. Ndinawakumbutsa kuti belu limalira, foni imalira, ng'oma imalira, tambala amalira m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene amayamba kufunafuna tenti ndi nkhuni. Amayi ndi mayi wa chigwirizano kumpingo, ndipo za malodza sakhulupirira. Amanena okha zimenezi, kawirikawiri ndithu. Anandimvetsera mpaka nditamaliza.

"Ine va malodza sinikhulupilila," anatero. "Koma batate bako sibazakwelamo."

Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti pamenepo nkhani inali itatha. Vuto linali lakuti kuchokera panyumbapo kukafika pa tala, pamene pamaima mataxi, pali mtunda, ndipo mataxi amakana kulowa m'kanjira kathu chifukwa cha maenje. Miyendo ya bambo inali yotupa moti sakanayenda ngakhale theka la mtundawo. Amayi anaitana bambo wa wilibala, yemwe amanyamulira anthu matumba a makala kuchokera kumsika. Anayalamo chitenje, n'kuikamo pilo. Bambo anga, amene anatsetsereka ndi malole odzaza m'mapiri a maiko atatu, anakhala mu wilibala atavala jekete ndi chipewa, miyendo ili lendelende, maso ali kutsogolo. Anthu a m'njira ankawapatsa moni ndipo iwo ankayankha.

Ine, posadziwa chochita, ndinawatsatira pambuyo ndi galimoto. Pa dzenje lililonse inkalira. Amayi anatembenuka n'kundithamangitsa ndi dzanja ngati mbuzi yolowa m'dimba. Ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinapsa mtima, koma sindinadziwe woti ndimupsere: amayi, wogulitsa uja, kapena tsabola wofiira amene ankaonekabe bwino kuseri kwa marimu.

Atabwerako masana, bambo anandiitanira kuchipinda. Analankhula motsitsa kuti amayi asamve.

"Ngati pa Chinai ni wilibala futi, ine siniyenda. Nizafela pamene pano."

Sankaopseza ayi. Bambo sanali munthu wonena chinthu kawiri. Ndipo madokotala anali atatichenjeza kuti akadumpha ulendo umodzi wokha, madzi adzadzaza m'chifuwa. Choncho nkhani inaima motere: galimoto ikalirabe Lachinayi, amayi sawalola kukwera, wilibala ikabwera, bambo sadzuka. Ndinali ndi masiku awiri ndi theka. Kubwezera mabuleki akale sikukanatheka, chifukwa theka lake linali padenga ndipo theka linalo mwina linali litasungunulidwa kale. Zopanira za mtundu wa galimoto yanga ogulitsa anati zifika pakatha milungu iwiri.

Ndinathamangira ku Kanyama. Makanika anamvetsera dandaulo langa akutafuna chimanga, kenako anati mwina kamwala kalowa pakati pa chimbale ndi kachitsulo kotchinga fumbi. Anakweza galimoto pa jeke, anachotsa matayala, anapeza kamwala ndithu, n'kundionetsa pachikhatho ngati dokotala wozula dzino. Kachitsuloko anakapinda pang'ono kuti katalikire. Atamanga anakwera yekha kukayesa. Anathamanga mpaka pa ngalande, n'kuponda buleki mwamphamvu moti fumbi linamupitirira. Kunalibe phokoso.

"Yasila," anatero. "Kulibe chongo."

Ndinawathokoza, ndinanyamuka, ndipo pa hampu yoyamba galimoto inalira.

Lachiwiri m'mawa anapaka girizi wamkuwa kumsana kwa mapadi okhudza chimbale ndi pa timapini toyendetsa zopanira. Anayesa, kunali zii. Ine nditakwera, inalira. Masana anatenga tupa n'kusema m'mphepete mwa mapadi kuti musakhale makona akuthwa. Kenako, atayang'anitsitsa, anapeza timivi tating'ono tojambulidwa pa zimbale, ndipo zinadziwika kuti chakumanzere chinali kumanja, chakumanja chili kumanzere. Apa tonse awiri tinasangalala, chifukwa kulakwa kooneka ndi maso kumatonthoza mtima. Anazisinthanitsa, anazitsuka, anamanga chilichonse mwakachetechete, anapita kukaswali, anabwera n'kuyesa. Zii. Ine ndinangofika pa kona.

Pofika nthawiyi panali patasonkhana anthu, monga zimakhalira paliponse pamene boneti kapena tayala latsegulidwa. Wina anati ndithire sopo wotsukira mbale. Wina anati ndibwerere chambuyo mothamanga katatu. Wina, amene ndimamukumbukirabe mokwiya, anati ndingokweza wailesi. Makanika anapukuta manja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bosi, motoka iyi ilila na imwe chabe. Na ine siilila. Kapena muli nayo mulandu?"

Sindinaseke. Ndinali nditayamba kuganiza zomwezo, ine munthu wopita kusukulu, amene dzulo lake ndinkaphunzitsa amayi za belu ndi tambala. Ukamva funso lakuti ikulira ndani, silichokanso m'khutu. Pa loboti iliyonse ndinkalimva.

Lachitatu ndinabwererakonso m'mawa, koma makanika analibenso china choti amasule. Cha m'ma leveni ndinapita ku George. Galimoto ndinaisiya patali, kuseri kwa kantemba, kagolosale ka pa kona, n'kumalizitsa wapansi kuti amayi asaimve. Ndinapeza bambo ali chogona pafupi ndi zenera.

"Nakumvela pa kona," anatero.

Anandiuza kuti ndikhale pabedi, n'kuyamba kundifunsa ngati wapolisi. Imalira ndikamathamanga kapena ndikamaima? Ndinati ndikamaima, chakumapeto. Kodi pedulo imanjenjemera? Ayi. Galimoto imakokera mbali imodzi? Ayi. Ndi kulira kwa chitsulo chokwecha chitsulo, kapena kwa mluzu? Ndinati kwa mluzu.

"Ukaponda maningi?"

"Siniponda maningi, batate. Nimanyamula odwala."

"Ndiye vuto yamene iyo." Anatseka maso pang'ono. "Mabuleki yako ni yabisi. Siyanapye. Iwe uponda monga ulowa mu nyumba ya bapongozi."

Anandifotokozera mopuma, chifukwa mpweya unkawavuta. Mabuleki atsopano, makamaka ouma ngati amenewa, ndi awisi. Amafunika kutenthedwa mpaka padi itasiya kachikuto kake pa chimbale, ziwirizo zizolowerane. Ukamangowasisita pang'onopang'ono mu komboni amasalala ngati galasi n'kuyamba kuimba mluzu. Makanika ankaponda ngati akupha chinthu, n'chifukwa chake kwa iye ankakhala chete. Ndikuganiza kuti zonsezi zinalembedwa pa kapepala kaja kanawotcha chimanga.

"Ndiye niyende nikayaphike," ndinatero ndikuimirira.

"Iwe? Uzayapempha chabe." Anayang'ana kukhomo. "Bamai bako bayenda ku mapemphelo na fotini. Ubwelese motoka kumbuyo kwa nyumba."

Ndinakana. Ndinawakumbutsa za kapaipi kamene madokotala anawaika pansi pa khosi, za mtima wawo, za amayi. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, monganso amayi, kenako anandiuza kuti ndiwapatse jekete. Anthu awiriwa anakhala limodzi zaka zambiri, ndipo aliyense anaphunzira kwa mnzake kusamva.

Itakwana thuu koloko amayi anatuluka atavala yunifolomu ya chigwirizano. Ndinawanyamula bambo m'manja kupita nawo kugalimoto. Kumtunda anali opepuka moti ndinachita mantha, kulemera konse kunali kumiyendo. Ndinawamanga lamba, n'kupinda thaulo kuti lambayo asakhudze kapaipi. Tinatuluka mu George galimoto ikulira pa dzenje lililonse, bambo atatsitsa chipewa kumaso ngati wakuba. Tinalowera kumadzulo, mpaka nyumba zinatha, msewu n'kuwongoka pakati pa minda.

Bambo anayang'ana pagalasi la kumbali kwawo, anaona kuti kumbuyo kulibe galimoto, n'kukankhira chipewa m'mwamba.

"Thamanga."

Ndinathamanga.

"Nati thamanga. Iyi ni wilibala?"

Muvi woonetsa liwiro unafika pa handiredi. Chiyambire kudwala kwawo ndinali ndisanapitirirepo fifite iwo ali m'kati.

"Manje ponda! Ponda monga ni njoka!"

Ndinaponda. Mphuno ya galimoto inagwada, botolo la madzi linauluka kuchokera kumbuyo, lamba anandidula paphewa. Ndisanaime anakuwanso kuti ndisaime, ndisiye buleki, chifukwa ukaima zimbale zili zamoto padi imadinda chidindo pamalo amodzi. Ndinathamanganso. Ndinapondanso. Iwo ankawerenga mokweza, dzanja limodzi litagwira dashibodi, ndipo nditaponya diso pansi ndinaona phazi lawo lotupa lija, lili mu patapata, likuponda buleki yomwe kunalibe kumbali kwawoko. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi m'galimoto munayamba kununkha ngati tsitsi lopserera. Pa wachisanu ndi chitatu kautsi kanatuluka m'matayala akutsogolo. Mayi wina wonyamula nkhuni anaima m'mbali mwa msewu n'kumatiyang'ana tikuthamanga ndi kugwada, kuthamanga ndi kugwada, ngati anthu osadziwa kumene akupita.

Bambo ankaseka. Kunali kuseka kosakanikirana ndi chifuwa, misozi ikutsika, ndipo ine ndinali ndisanakumve kwa chaka chathunthu. Ndinali ndi mantha oti andifera m'galimoto, komanso ndinali wokondwa, zonse nthawi imodzi.

Titakwanitsa khumi anati tsopano ndingoyenda osakhudza buleki, kuti azizire ndi mphepo. Tinayenda mtunda wautali mawindo ali otsegula. Anandiuza za phiri lina limene ankatsika ndi giya yoyamba kwa ola lathunthu, ndi za mnzawo amene sanamvere. Kenako analankhula akuyang'ana kunja.

"Chaka chonse munigwila monga mazila. Na iwe. Na bamai bako. Munthu angalile nayo iyo."

Ndinangotembenuza galimoto pamalo otakasuka, tinabwerera.

Tinalowa m'kanjira kathu dzuwa litapendeka. Pa dzenje loyamba ndinaponda mofatsa ndikudikira mluzu. Kunalibe. Pa lachiwiri, kunalibe. Tinafika pa geti n'kuima popanda ngakhale galu kudzutsa mutu. Amayi anali atabwera kale. Anapeza bedi lopanda munthu, jekete palibe, ndipo anali ataima pabwalo atatipatsa msana, akufotokozera azimayi awiri oyandikana nawo nyumba. Sanatimve n'komwe. Bambo anatulutsa mutu pawindo.

"Odi."

Amayi anatembenuka. Anayang'ana bambo, anayang'ana ine, anayang'ana galimoto. Kenako anabwera kumbali kwanga n'kundimenya paphewa ndi chikwama cha mabuku a nyimbo, kawiri, ndipo mabukuwo ndi olemera.

"Motoka ya bwanji iyi yofika zii monga kawalala wobwela kuba?"

Lachinayi m'mawa amayi anandiuza kuti ndipite kutsogolo ndi kubwerera katatu pa geti, iwo ataima pambali khutu lili tcheru. Atakhutira anakatenga bambo okha, n'kukhala kumbuyo chikwama chili pamiyendo. Za wilibala sizinatchulidwenso m'nyumba imeneyo.

Koma mabuleki amtunduwu saiwala chikhalidwe chawo. Ukayenda nawo milungu itatu m'maenje a komboni amayambanso kunong'ona. Choncho Loweruka lina lililonse ine ndi bambo tinkapita kumsewu uja kukawaphika. Amayi ankadziwa. Ankawaveka okha bambo chipewa n'kunena kuti, "Yendani mukaphike visulo vanu," ndipo ankaima pa geti mpaka titakhota. Nthawi zina ndinkakayika ngati mabulekiwo anali atayambadi kulira, chifukwa amene ankawamva poyamba anali bambo nthawi zonse, ine ndisanamve kanthu. Sindinawatsutsepo.

Tinachita zimenezi miyezi ingapo. Kenako bambo anafooka moti ngakhale ulendo wa kuchipatala ankayenda chogona kumpando wakumbuyo, ndipo za Loweruka zinatha zokha. Ndekha sindinapiteko. Anamwalira m'nyengo yotentha, masana, ali m'chipatala, amayi atawagwira dzanja.

Ine ndine woyamba kubadwa, ndiye zonse zinagwera ine: bokosi, tenti, nkhuni, basi ya anthu, mafoni a achibale a ku Malawi ofuna kudziwa tsiku. Masiku atatu ndinayenda uku ndi uku maso ali gwa. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ndinali wouma basi, ndipo zinkandikwiyitsa kuti azimayi amene bambo sankawadziwa n'komwe ankalira mosavuta, pamene ine mwana wawo ndinkangowerenga mipando.

Tsiku loika maliro tinanyamuka ku George kupita kumanda a cha ku Chunga. Galimoto yonyamula bokosi inali patsogolo, yanga pambuyo pake, ena onse kumbuyo kwathu, magetsi akuthwanima. Amayi anakhala kutsogolo, pampando wa bambo, ndipo azimayi awiri a chigwirizano anakhala kumbuyo. Ulendo wa maliro umayenda ngati munthu wapansi. Mabuleki anali atatha miyezi iwiri osaphikidwa.

Pa hampu yoyamba inalira. Osati kunong'ona, koma kulira kuja kwa tsiku loyamba, kowonda ndi kotalika. Azimayi akumbuyo anadukiza nyimbo. Ndinatsitsa giya kuti injini izigwira yokha, ndipo galimoto ya bokosi itachepetsanso liwiro ndinagwira handibuleki kuti ndisaponde pedulo. Ndinkaopa kuwayang'ana amayi.

Dzanja lawo linafika pa langa, n'kulichotsa pa handibuleki.

"Isiye," anatero. "Manje iziba amene ilila."

Ndinabwezera phazi pa pedulo n'kuponda mofatsa, ngati ndikulowa m'nyumba ya apongozi. Inalira pa hampu imeneyo ndi pa yotsatira, inalira pa dzenje lililonse ndi pa kona iliyonse, anthu a m'mbali mwa msewu akuvula zipewa. Titadutsa msika ndinayamba kulephera kuona galimoto ya patsogolo, ndipo ndinayatsa zopukutira galasi, ngakhale kunja kunali dzuwa lokhalokha.